ÉLIE METCHNIKOFF, AMENE ANAPEZA ALONDA A M'THUPI

Palibe mwana wa sukulu amene sanalasidwepo ndi munga kuphazi. Munga ukathyokera m'kati, pamalopo pamatupa, pamatentha, ndipo patapita masiku awiri kapena atatu pamatuluka mafinya. Kale madotolo ambiri anali kuganiza kuti kutupako ndi mafinyawo ndiyo nthenda yeni-yeni. Munthu amene anawaonetsa kuti m'mafinyamo muli mitembo ya alonda ofa pomenyera thupi nkhondo, dzina lace ndiye Élie Metchnikoff.

Iye anabadwa pa 15 May 1845 m'mudzi wa Ivanovka, m'dera la mzinda wa Kharkiv. Masiku amenewo dera limenelo linali m'ufumu wa Russia, koma lero liri m'dziko la Ukraine. Kwao anali kumucha Ilya. Dzina la Élie ndilo la ku France, kumene anakakhala atakula. Anali mzime pa ana asanu. Atate wace anali mkulu wa asilikari a mfumu. Ali kamnyamata, Ilya anakonda kutola masamba, maluwa ndi tizirombo ta m'chire, ndipo akaphunzira kanthu katsopano anali kuitana abale ace ndi ana ena kuti awaphunzitse. Anawo akakana, iye anali kuwapatsa tindalama tace kuti akhale pansi ndi kumvera. Mphunzitsi wolipira ana ace a sukulu ine sindinamuonepo kwina.

Iye anafuna kukhala dotolo, koma mai wace anamletsa, poona kuti mwanayo ngwa mtima wofewa, wosakhoza kupirira poona anthu ali kumva zowawa. Tsono anasankha kuphunzira za nyama. Maphunziro a zaka zinai pa yunivesite ya Kharkiv iye anawatsiriza m'zaka ziwiri, ali ndi zaka 19, ndipo anapita ku Germany kukaonjezera nzeru.

Kuti timve nchito yace, tiyenera kudziwa cinthu cimodzi. Monga nyumba imamangidwa ndi njerwa, momwemonso thupi la munthu, la nyama ndi la mtengo limamangidwa ndi tinthu tating'ono tamoyo tochedwa maselo. Sitingawaone ndi maso, koma ndi galasi lokulitsa zinthu lochedwa maikulosikopu. M'caka ca 1865, ali mu mzinda wa Giessen, Metchnikoff anali kuyang'ana kanyongolotsi kena kathyathyathya, ndipo anaona kuti maselo a m'mimba mwace ali kumeza tizidutswa ta cakudya, selo liri lonse palokha, ndi kutigaya m'kati mwace. Anacilemba cimeneci, osadziwa kuti tsiku lina cidzamtsegulira khomo lalikulu.

Zaka zotsatira zinali za nchito yambiri ndi cisoni cambiri. Anaphunzira za tinyama ta m'nyanja ku Naples, m'dziko la Italy, ndipo pambuyo pace anakhala mphunzitsi pa yunivesite ya Odessa. M'caka ca 1869 anakwatira Ludmila, amene anali kudwala cifuwa cacikulu kotero kuti pa tsiku la ukwati anamnyamula pampando popita ku chalichi. Mkaziyo anamwalira m'caka ca 1873 pa cisumbu ca Madeira. Metchnikoff anataya mtima, maso ace anali kumbvuta, ndipo sanafunenso kukhala ndi moyo. Koma anacira, ndipo m'caka ca 1875 anakwatira Olga, amene anakhala naye ndi kumthandiza pa nchito kufikira imfa yace. Sitingabise kuti munthuyu anali wa mtima wapacala. Anakangana ndi akulu a yunivesite, ndipo m'caka ca 1882 anasiya uphunzitsi, natenga banja lace kupita ku Messina, pa cisumbu ca Sicily.

Kumeneko anaika maikulosikopu yace m'cipinda ca nyumba yoyang'ana kunyanja. M'nyanja ya mcere muli kanyama ka miyendo isanu kochedwa nyenyezi ya m'nyanja. Ana ace ndi aang'ono zedi, ndipo thupi lao limaonekera m'kati monga madzi a m'botolo. M'thupi la tianato Metchnikoff anaona maselo ena osakhazikika pamodzi monga njerwa, koma oyenda-yenda, okwawa pang'ono-pang'ono ndi kumeza ciri conse cimene apeza.

Tsiku lina m'mwezi wa December 1882, a m'banja lace onse anapita kukaonera masewera a anyani ophunzitsidwa, iye natsala yekha. Ali kuyang'ana maselo oyenda aja, anadzifunsa ngati kudya kwaoko sikuli njira yocinjiriza thupi kwa adani. Anaganiza kuti ngati ndi conco, ndiye kuti akalasa kamwanako ndi munga, maselowo adzathamangira pamungapo, monga mafinya asonkhanira pa cala ca munthu. Anatuluka, nathyola minga ya duwa la rozi m'munda, nailowetsa pansi pa khungu la tiana tija. Usiku umenewo tulo sanatione. M'mamawa anapeza minga yonse itazingidwa ndi maselo oyenda, atauunjirira monga linthumbu pa ciwala.

Taonani kucepa kwa zipangizo zace: munga, kamwana ka nyama ya m'nyanja, galasi, ndi maso odwala. Koma kuyambira tsiku limenelo munthu wophunzira za nyama anasanduka wophunzira za matenda. Mnzace wa ku Vienna, Carl Claus, anamthandiza kupeza dzina la maselowo m'cinenero ca Cigriki, phagocyte, ndiko kuti selo lakudya. Ife tiwache alonda akudya. M'thupi lathu ali m'gulu la maselo oyera a m'mwazi, ndipo ena amakhala m'mnofu, m'ciwindi, m'mapapu ndi m'matumbo.

Munga si nthenda, ndipo Metchnikoff anafuna kuona alondawo akumenyana ndi kacirombo koyambitsa nthenda. Anakapeza m'kanyama ka m'zithaphwi kochedwa nthata ya m'madzi, kamenenso thupi lace limaonekera m'kati. Kanyamaka kamameza mbeu za yisiti ina zosongoka ngati singano. Tisinganoto timaboola khoma la thumbo ndi kulowa m'thupi. Iye anaona kuti pongotulukira kuseri kwa khomalo, alonda amatigwira ndi kutidya. Akatha kutidya tonse, kanyamako kamakhala ndi moyo, tikawacurukira, kamafa. Analemba zimenezi m'caka ca 1884. Kumbukirani malo a nkhondo imeneyi, khoma la thumbo, pakuti tidzabwererako.

M'caka ca 1886 anamuika woyang'anira nyumba yopanga katemera ku Odessa, koma sizinamuyendere bwino. Madotolo anamnyoza cifukwa iye sanali dotolo, ndipo tsiku lina, iye ali kwina, katemera wa nthenda ya anthrax woperekedwa ndi omthandiza anapha nkhosa zikwi zambiri. M'caka ca 1888 anasamukira ku Paris, kumene Louis Pasteur anamlandira ndi kumpatsa zipinda zogwiriramo nchito m'nyumba yace yatsopano, Institut Pasteur. Anakhala komweko zaka 28.

Mkangano waukulu unamtsata. Akatswiri a ku Germany, ophunzira a Robert Koch, anati alonda akudya sapha tizirombo, angonyamula takufa kale monga afisi. Cimene cipha ndi mankhwala osungunuka m'madzi a m'mwazi. Iwo sanali kungolankhula, pakuti m'caka ca 1890 Emil Behring anaonetsa kuti madzi a m'mwazi wa nyama yotemeredwa akhoza kucinjiriza nyama ina. Metchnikoff anayankha ndi mayeso pamwamba pa mayeso, ndipo mkwiyo unali kumdwalitsa. Potsiriza kunaoneka kuti onse awiri anagwira mbali ya coonadi. M'caka ca 1908 mphotho ya Nobel inagawidwa pakati pa iye ndi Paul Ehrlich wa ku Germany, amene anafufuza mankhwala a m'mwazi aja.

Cimene cinamtembenuzira ku matumbo ndiyo kolera. M'caka ca 1892 nthendayi inapha anthu oposa 8,000 mu mzinda wa Hamburg, ndipo inafikanso ku France. Koch anali atapeza kale kacirombo kace, kopindika, kokhala m'madzi oipa. Koma panali cobvuta: anthu awiri akamwa pa citsime cimodzi, wina amafa, wina osamva ngakhale mutu. Cifukwa ninji? Metchnikoff anatenga madzi odzala ndi tizirombo ta kolera, namwa. Sanadwale. Anthu ena ogwira naye nchito anadzipereka namwanso. Ena sanamve kanthu, ena anatsegula m'mimba pang'ono, koma mnyamata wina anadwala kolera yeni-yeni ndipo anatsala pang'ono kufa. Metchnikoff anacita mantha akulu, naleka kuyesa pa anthu. Ine ndiganiza kuti pamenepa analakwa, ngakhale anayamba ndi kumwa iye mwini. Ndipo kusadwala kwaceko sikutanthauza kuti madzi osaphitsa alibe ngozi.

Tsono anatenga timbale, nabzalamo kacirombo ka kolera pamodzi ndi tizirombo tina. Anapeza kuti pafupi ndi mitundu ina kolera imakula mwamphamvu, koma pafupi ndi mitundu ina imafooka, monga cimanga cimakondwa pafupi ndi nyemba koma cimafota pafupi ndi kaufiti. Anayesanso pa ana a akalulu oyamwa, naona kuti amadwala msanga akawamwetsa kolera pamodzi ndi tizirombo toithandiza. Apo anaganiza kuti tizirombo tokhala kale m'matumbo a munthu ndito tikhoza kutsegulira mlendo woipa khomo kapena kumtsekera. Maganizo amenewa anali atsopano ndithu, ndipo anali oona.

Atayamba kukalamba, anafuna kudziwa cifukwa cace anthu amakalamba. Pano nzeru zace zinasakanizika ndi zolakwa. Anakhulupirira kuti m'thumbo lalikulu muli tizirombo toolesa cakudya, totulutsa ululu umene umalowa m'mwazi pang'ono-pang'ono, kufooketsa thupi, kufikira alonda akudya ayamba kudya maselo a mwini wao. Anati thumbo lalikulu liribe nchito kwa munthu. Ku London dotolo wina, William Arbuthnot Lane, anali kudula ndi kucotsa thumbolo kwa odwala ace pa cifukwa conga cimeneco, ndipo ena anafa.

Metchnikoff mwini anafuna njira yofatsa. Anamva kuti ku Bulgaria, kumene alimi amamwa mkaka wowawasa masiku onse, kuli nkhalamba zambiri. M'caka ca 1905 wophunzira wa ku Bulgaria, Stamen Grigorov, anapeza kacirombo kamene kamawawasa mkakawo. Inu mudziwa kuti mkaka wamba ukagona umaola, koma cambiko kapena mabisi amakhala masiku osanunkha, cifukwa kuwawasako kumaletsa tizirombo toolesa. Metchnikoff anaganiza kuti zomwezo zingacitike m'mimba: tizirombo tabwino tipirikitse toipa. Analemba zimenezi m'buku m'caka ca 1907, ndipo anthu a ku Ulaya anathamangira kugula mkaka wowawasa. Iye mwini anali kuumwa tsiku ndi tsiku, ndipo sanali kudya kanthu kosaphika.

Tiyeni timsiye pang'ono ndi cikho cace ca mkaka, tione zimene odza pambuyo pace anapeza pa khoma la thumbo lija.

M'thupi la munthu wamkulu muli tizirombo tosaoneka pafupi-fupi 38,000,000,000,000, monga anawerengera akatswiri m'caka ca 2016, ndipo pafupi-fupi tonse tiri m'thumbo lalikulu. Ciwerengero cimeneci cilingana pafupi-fupi ndi ca maselo a thupi lonse. Cimene cilekanitsa khamu limeneli ndi mnofu wathu ndi mzere umodzi wokha wa maselo, wopyapyala koposa khungu la anyezi. Maselo amenewa amatha msanga, ndipo atsopano amalowa m'malo mwao mlungu usanathe. Ena mwa iwo amatulutsa zoterera zonga therere, zimene zimakuta khomalo kuti tizirombo tisaligunde.

Kuseri kwa khomalo kuli alonda ambiri. Alonda akudya a Metchnikoff ali pomwepo. Koma a m'matumbo ali ndi khalidwe lao-lao: kacirombo kamodzi kakadutsa khoma, amakameza mwakacetecete, osaimba mfuu. Akadacita monga acitira ndi munga wa kuphazi, bwenzi mimba yathu iri yotupa ndi ya mafinya masiku onse.

M'thumbo laling'ono muli timilu ta maselo oyera, timene Johann Conrad Peyer wa ku Switzerland anatifotokoza m'caka ca 1677. Timiluti tiri ngati bwalo la mfumu. Pamwamba pace pali maselo amene amatapa dala tizirombo pang'ono m'thumbo ndi kutipereka kwa alonda kuti atidziwe. Alonda ena amanyamula zimene alandira kupita nazo ku timabere ta pafupi ndi matumbo, tonga mwanabere amene amatupa m'mphecepece mukakhala ndi cironda kuphazi. Kumeneko mlandu umaweruzidwa: uyu ndi mnansi, uyu ndi mbala. Pamenepo maselo ena amapanga mankhwala onga aja a Ehrlich, magalamu angapo tsiku liri lonse, ndi kuwatumiza m'thumbo. Mankhwalawo amamatirira tizirombo kuti tikhale m'malo mwace, osaboola khoma. Motero anthu awiri amene anagawana mphotho atakangana, alonda a wina ndi mankhwala a mnzace agwira nchito limodzi pa khoma limodzi.

Codabwitsa koposa ndi cakuti alondawo amaphunzitsidwa ndi tizirombo tomweto. Kuyesa kulera nyama zopanda kacirombo ndi kamodzi komwe kunayamba m'masiku a Metchnikoff. Mkazi wace Olga analera mbululu za acule zotere, ndipo sizinakule bwino. Patapita zaka zambiri anthu anaphunzira kulera mbewa m'mabokosi otsekedwa, ndi cakudya, madzi ndi mpweya zopanda tizirombo. Mukadaganiza kuti mbewa zotere zikhala zamphamvu koposa zinzace. Iai. Timilu ta Peyer m'matumbo ao ndi tating'ono, mankhwala aja ndi ocepa, ndipo nthenda ikadza zimagonja msanga. Zikapatsidwa tizirombo ta mbewa wamba, alonda ao amacuruka ndi kukhwima.

Tizirombo timalipiranso msonkho wa malo. M'nyemba, m'ndiwo zamasamba ndi m'nsima ya mgaiwa muli zinthu zonga luzi zimene mimba yathu singathe kugaya. Zikafika m'thumbo lalikulu, tizirombo timazigaya ndi kutulutsa timadzi towawasa. Timadzi timeneti ndito cakudya cacikulu ca maselo a khoma la thumbolo, ndiponso timacurukitsa mtundu wina wa maselo oyera amene nchito yao ndi kuleretsa, kuletsa alonda anzao kuti asamenye anansi. Oleretsawa akalephera, matumbo amatupa ndi kucita zironda kwa zaka zambiri. Ndiponso munthu akamwa mankhwala amphamvu opha tizirombo, tabwino timafa pamodzi ndi toipa, ndipo nthawi zina kacirombo koopsa kamapeza bwalo lopanda eni, kamaswana, munthuyo natsegula m'mimba koopsa.

Ubwenzi umenewu umayamba pa bere la mai. M'caka ca 1899 Henry Tissier, wa ku Institut Pasteur komweko, anapeza kuti m'matumbo a makanda oyamwa mumacuruka kacirombo kena ka mphanda. Lero tidziwa kuti mu mkaka wa m'mawere muli mitundu ya shuga imene khanda silingagaye, koma kacirombo kameneko kamadya. Mai amadyetsa mwana, nadyetsanso anansi a mwanayo. Ndipo za kolera zija, m'caka ca 2014 akatswiri ofufuza odwala a ku Bangladesh anapeza kacirombo ka m'matumbo a munthu kamene kamafooketsa kolera, monga Metchnikoff anaonera m'timbale tace zaka 120 zapitazo.

Tsono iye analakwa pati? Analakwa poyesa thumbo lalikulu copanda pace, ndi poyesa ambiri a okhalamo adani. Kacirombo ka ku Bulgaria sikakhazikika m'matumbo a munthu, kamangodutsa. Mkaka wowawasa ndi cakudya cabwino, koma palibe anaonetsa kuti umafikitsa munthu zaka 100. Maso ace anazolowera kuona nkhondo kuyambira tsiku la munga lija, ndipo pa khoma la thumbo anaona nkhondo yokha, pamene pali nkhondo pang'ono ndi cinansi cambiri. Koma ndiye anayamba kunena kuti tizirombo ta m'mimba tikhoza kusinthidwa ndi cakudya, ndi kuti tina tingaticinjirize.

Mtima wace unayamba kumbvuta kwambiri m'caka ca 1913. Caka cotsatira nkhondo yaikulu inabuka ku Ulaya. Anyamata amene anali kuwaphunzitsa anapita kunkhondo, zipinda za nchito zinakhala zii, ndipo munthu amene anakhulupirira kuti nzeru zidzacotsa masautso a anthu anasweka mtima. Anadwala miyezi yambiri, Olga ali pambali pace, iye akulemba m'kabuku zonse zimene thupi lace linali kumva, monga anali kulembera za nthata ya m'madzi. Ali pafupi kufa anapempha dotolo mnzace kuti akadzang'amba mtembo wace ayang'anitsitse matumbo. Anamwalira pa 15 July 1916, ali ndi zaka 71. Monga anafunira iye mwini, mtembo wace unatenthedwa, ndipo phulusa lace analiika mu mtsuko m'cipinda ca mabuku ca Institut Pasteur ku Paris.